Mbiya Yodikira Munsi

M'dziko la Zilibwino zinthu zonse zinali bwino, ndipo munthu akakayikira ankaitanidwa ku likulu kuti akamulongosolere bwinobwino. Likululo linkatchedwa Ombanim'manja. Kumeneko n'kumene kunkakhala Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, amenenso sanalakwepo chibadwire. Nyumba zonse za m'mbali mwa msewu wa mfumu zinali zopaka laimu, zoyera mbee, koma khoma loyang'ana kumsewu lokha. Za kuseri musandifunse, abale, ine ndili ndi ana oti ndilere.

Chaka china mfumu inapita kukacheza ku dziko la Kwaeniake, ndipo eni akewo anaionetsa mpikisano wofulula mowa. Inabwerako nsanje itaigwira pakhosi. Isanavule ndi nsapato zomwe, inaitanitsa nduna zonse.

"Anthu aja ali ndi mpikisano," inatero mfumu. "Ali ndi oweruza, ali ndi mphotho, ali ndi ojambula zithunzi. Nanga ife tili ndi chiyani?"

"Tili ndi inu, mfumu," anayankha Ndavomera, Nduna Yaikulu, bambo amene khosi lake linali litafewa kalekale chifukwa chogwedeza mutu.

"Zimenezo ndikuzidziwa. Ndikufuna mpikisano wa mowa wamasese, ndipo ine ndilowa nawo ngati munthu wamba."

"Ngati munthu wamba!" nduna zinafuula zikuomba m'manja.

"Ndipo ndipambana."

"Ngati munthu wamba, wawa!"

Tsonotu mfumuyi inali isanagwirepo mthiko, ndipo masese inkangowamva m'nyimbo. Iyo inkamwa za m'mabotolo zochokera kunja, zimene zinkalowa m'dziko pa ngolo yolembedwa kuti "Mankhwala a Odwala". Koma kusadziwa chinthu sikunaletsepo mfumu ya ku Zilibwino kuika malamulo a chinthucho, ndiye tsiku lomwelo anatuluka awiri. Loyamba linati mbiya iliyonse yolowa mumpikisano ikwechedwe ndi sopo ndi mchenga mpaka iwale, chifukwa ziwiya za ku Kwaeniake zinali zowala. Lachiwiri linati amene adzakhale womaliza, mbiya yake idzaphwanyidwe ndi munsi pamaso pa anthu onse, kuti dziko lione kuti ulesi sitiusekerera.

Lamulo lachiwirili ndi limene linabweretsa mutu waching'alang'ala. Olembetsa mpikisano anali mfumu ndi akazi a nduna khumi ndi mmodzi. Nanga womaliza akhale ndani? Mkazi wa Nduna ya Asilikali sakanatheka, poti mwamuna wake ndiye ankasunga makiyi a mfuti. Mkazi wa Nduna ya Ndende, aliyense anangotsokomola. Mkazi wa Ndavomera ndiye ayi ndithu, chifukwa Ndavomerayo ankafuna kupitiriza kugona m'nyumba mwake. Nduna zinakhala pansi masiku atatu, zinadya mbuzi zisanu ndi imodzi, yankho osaoneka. Tsiku lachinayi Ndavomera anadzimenya pachipumi.

"Anzanga, paja m'dziko muno mulinso anthu?"

Anafunafuna mapu, anawapeza atatsekera dzenje la pawindo. Kumapeto kwenikweni, pamene pepala linali litadyedwa ndi chiswe, anaona mudzi wotchedwa Mwatiiwala.

Ku Mwatiiwala kunali mayi wina dzina lake Nadzimbiri, wamanja akuluakulu ndi kuseka kosabisa mano. Ankafulula mowa wa pamaliro, wa paukwati ndi wa dima, uja anthu amamwa akamaliza kulimirana m'munda. Mpikisano anali asanalowepo, ngakhale wothamanga m'thumba uja wa kusukulu. Chuma chake chinali chimodzi chokha: mbiya yaikulu yofika m'chiuno, yakuda bii, imene anaumba ndi malemu amayi ake. Mwamuna wake aKanjuchi, okonza njinga, ankati m'nyumba mwawo akazi alimo awiri, ndipo wamkulu ndi wosalankhulayo.

Mbiya imeneyi inali ndi mwambo wake. M'kati mwake simunkalowa sopo, simunkalowa mchenga, ndipo sinkakhala yopanda kanthu. Mowa ukamatha, Nadzimbiri ankasiya pansi nsenga, zolemera zija zotsalira, kuya kwake zala ziwiri. "Zala ziwiri, mwanawe," ankatero amayi ake ali moyo. "Nsenga ndizo zimadzutsa mowa watsopano. Tsiku limene udzaikokote mbiyayi, udzakhala wandiika m'manda kachiwiri." Motero mowa wa sabata ino unali mwana wa mowa wa sabata yatha, kubwerera m'mbuyo choncho mpaka kukafika ku mowa umene amayi akewo anafulula ndi manja awo. Nadzimbiri akavundukula mbiya n'kumva fungo, ankamva ngati amayi ake angotuluka kumene kukatola nkhuni.

Tsiku lina m'mawa anafika mesenjala wa boma, Gwedeza, atanyamula njinga paphewa chifukwa msewu unathera kutsidya kwa mtsinje. Anapereka kalata yomanga ndi kansalu kofiira. AKanjuchi anaiwerenga mokweza: Mayi Nadzimbiri asankhidwa kuimira anthu wamba onse pa mpikisano wa Chipanda cha Golide, ndipo abwere ndi mbiya yawo yotchuka ija, itakwechedwa monga mwa lamulo. Za munsi kalatayo sinanene, mwina pepala linachepa.

Ha! Nadzimbiri analulutira mpaka nkhuku zinathawira kudambo. Anaphera Gwedeza tambala, anavina kuzungulira mbiya, anauza mudzi wonse kuti dzina la amayi ake lamveka ku likulu. M'mawa mwake anamanga chitenje chatsopano n'kupita ku msika wa Tingoona kukagula mawere a chimera. Msikawu unatchedwa choncho chifukwa ambiri ankapitako kukangoona.

"Mawere onsewa, kuli ukwati?" anafunsa mayi wogulitsa.

"Ndaitanidwa ku likulu."

"Ndi ndani?"

"Ndi boma."

"Pepani," anatero mayiyo, ndipo anamuwonjezera mbale ina yaulere monga amachitira kwa anamfedwa.

Pafupi pomwepo panali bambo wometa tsitsi, amene mlamu wake ankasesa m'bwalo la nduna. Analeka mutu wa munthu uli theka n'kubwera lumo lili m'manja.

"Mayi, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kodi za munsi sanakuuzeni? Womaliza mbiya yake aiphwanya anthu akuona. Ndipo mlamu wanga akuti mayina analemba kale. Woyamba ndi mfumu, wachiwiri mkazi wa Nduna ya Asilikali, kutsika choncho, womaliza ndinu."

"Koma mowawo sindinafulule n'komwe!"

"N'chifukwa chake timati boma lino limagwira ntchito mwachangu," anatero wometayo.

"Musadandaule, mayi," anawonjezera wometedwa theka uja ali pampando. "Ife takhala omaliza chibadwire, koma palibe anatitumizirapo kalata."

Msika unaseka, koma Nadzimbiri sanaseke. Anabwerera kunyumba, anakhala pansi pafupi ndi mbiya, ndipo analira kulira kwenikweni, kwa mamina. Ankadziwa kuti dothi amaumba lina, koma nsenga za amayi ake sakanazipeza pa msika uliwonse.

AKanjuchi anasiya tcheni cha njinga n'kubwera kudzakhala pambali pake.

"Tiikwirire m'munda, mayi, tinene kuti yabedwa."

"Akumba munda wonse, abambo, chinangwa chathu n'kuthera pomwepo."

"Ndiye tipite ndi mbiya ina."

"Gwedeza waiona. Waidyera tambala patsogolo pake."

AKanjuchi anakanda mutu. "Basi, poti mwaluza kale, musadzivutitse. Aphikireni phala lamadzi, mawerewo tisunge."

Apa Nadzimbiri anapukuta misozi ndi chitenje chatsopano chija n'kuwayang'ana amuna ake ngati atukwana m'tchalitchi.

"Inu, mbiya ya amayi anga ikaime pamaso pa dziko ili ndi phala m'mimba? Iyayi. Ngati ikukafa, ikafe itakhuta."

Za kukwecha ndiye aKanjuchi anathandiza. "Kodi boma lino linayamba liti kusuzumira m'kati mwa chinthu?" anafunsa motero. Anatulutsa mbiya pakhonde, anakwecha mbali yoyang'ana kunjira, anaipaka mafuta ansatsi mpaka inanyezimira, pakamwa pake n'kuvundikira lichero. Gwedeza atabwera kudzayendera, anawerama, anaona nkhope yake pamimba pa mbiya, anakonza chipewa chake, anamenya chidindo, n'kufunsa ngati tambala uja anasiya mng'ono wake.

Nadzimbiri anafulula mowa umenewo ngati akusambitsa maliro a munthu wokondedwa. Ananyika mawere, anawafunditsa mpaka anamera, anawayanika padzuwa, anasinja chimera. Anaphika phala, analisiya lizizire, anathira chimera, anaphikanso tsiku lake, osathamanga, osalankhula zambiri. Kenaka anathira zonse pamwamba pa nsenga zija. Pofika tsiku lachisanu mbiya inali ikung'ung'udza yokha, ndipo amuna odutsa panjira ankaiwala kumene akupita.

Ku likulu nako kunkafululidwa. Kutatsala tsiku limodzi, mfumu inalowa m'khitchini koyamba m'moyo wake, inagwira mthiko mozondotsa kuti aijambule chithunzi, kenaka inaloza mgolo watsopano wotsukidwa ndi sopo katatu n'kulamula kuti, "Upse pofika mawa!" Wophika wina anayesa kunena kuti masese amafuna masiku, koma anamukumbutsa kuti mfumu sidikira chimera. Akazi a nduna atamva, nawonso anafulula tsiku lomwelo, chifukwa panalibe amene anafuna kuti mowa wake ukhale wamkulu kuposa wa mfumu ngakhale ndi tsiku limodzi.

Lolemba la mpikisano, bwalo la Ombanim'manja linadzaza. Migolo khumi ndi iwiri inali ndandanda, ikuwala mochititsa khungu. Kumapeto, pafupi ndi pomangirira abulu, panali mbiya ya Nadzimbiri, imene anaiolotsa mtsinje pamanja n'kuibweretsa pa ngolo ataizinga ndi udzu, aKanjuchi akuyenda pambali ngati operekeza mkwatibwi. Kumbuyo kwake kunaima Gwedeza ndi munsi watsopano womangidwa kansalu kofiira. Nadzimbiri ankayesetsa kuti asauyang'ane, koma maso ankapita okha.

Zolankhula zinatenga maola anayi. Ndavomera anathokoza mfumu chifukwa cha mawere, chifukwa cha madzi, ndi chifukwa cholola kuti moto uzitentha. Nduna ya Zaulimi inalengeza kuti chiyambire mpikisanowu, ludzu latsika ndi theka m'dziko lonse. Anthu anaomba m'manja milomo ili gwa.

Tsono pali mwambo umene aliyense womwera chipanda chimodzi ndi anzake amaudziwa. Wofulula ndiye amayamba kumwa, kuti onse aone kuti mulibe choipa, kenaka amapereka chipanda kwa mwini bwalo. Mwini bwalo akakana, ndiye kuti wanena wofululayo kuti ndi mfiti, kapena wadzionetsa yekha kuti ndi wamantha. Pa mgolo woyamba zinayenda bwino, chifukwa wofulula anali mfumu, mwini bwalo analinso mfumu. Inamwa, inadzipatsira, inamwanso. Nkhope yake inakwinyika ngati ya mwana amene amumwetsa mankhwala a malungo, pakuti mumgolomo munali phala lofunda lonunkhira sopo.

"Ndavomera," inanong'ona mfumu, "anthu anga amamwa zimenezi?"

"Ndipo amakuthokozani, wawa."

"Ndi anthu opirira," inatero mfumu, chisoni chitaigwira pang'ono.

Oweruza anali atatu, Ndavomera ndi nduna zina ziwiri. Ndavomera anangonunkhiza n'kuyamba kudzandira. Wachiwiri anamwa pang'ono, anagwa chagada n'kuyamba nyimbo ya kumaliro. Wachitatu, mkulu wa mpingo amene sanameze n'komwe, anavula jekete n'kuyamba kuputa ndewu ndi mtengo wa mbendera.

"Mowa wa mfumu ndi waukali," anatero mayi wina m'khamumo. "Waledzeretsa munthu usanafike pammero."

"Ndiwo mowa wachitukuko umenewo," anayankha mnzake. "Umagwira ntchito anthu asanauone."

Pa migolo ya akazi a nduna oweruza ankadzandira mochepera, aliyense monga mwa udindo wa mwamuna wake. Amayiwa anali atawaphunzitsa sabata yathunthu kuti chipanda azipereka kwa oweruza, asavutitse mfumu. Koma Nadzimbiri palibe anamuphunzitsa kanthu, poti woluza safuna maphunziro. Pa pepala panalembedwa kuti akafika pa iye, oweruza apukuse mutu, Ndavomera awerenge zotsatira, Gwedeza agwetse munsi, gulu la malipenga liimbe.

Gulu la akuluakulu litaima patsogolo pake, Nadzimbiri anachita mantha mpaka anaiwala dzina lake. Mutu unasokonezeka, koma manja ankadziwa ntchito yawo. Anavundukula lichero, ndipo fungo linatuluka n'kuyenda bwalo lonse mpaka woimba lipenga wina anatsitsa lipenga lake. Anavundula ndi chikho, anadzaza chipanda, anagwada, anamwa kukamwa kutatu, anapukuta mlomo wa chipanda ndi chikhatho. Kenaka anayenda chogwada, anadutsa oweruza onse atatu, n'kutambasula manja awiri kwa mwini bwalo.

"Zikomo, mfumu. Mulibe choipa."



"Wawa, zimenezi sizili pa pepala," ananong'ona Ndavomera.

Mfumu inayang'ana chipanda, inayang'ana khamu. Anthu zikwi anali ataitsegulira maso, ndipo aliyense wa iwo ankaudziwa mwambowo kuposa malamulo onse a ku likulu. Kumbuyo kunamveka mawu a munthu amene mpaka lero sanapezeke: "Kodi akana?"

Sindilakwa Wachitatu akanatha kupirira zambiri, koma osati kutchedwa wamantha pamaso pa ojambula zithunzi. Analandira chipanda, anatseka maso pokumbukira sopo uja, anamwa pang'ono. Anaima. Anatsegula diso limodzi. Anamwanso, ndipo ulendo uno chipanda chinayamba kukwera, mmero ukukwera ndi kutsika, mpaka nkhope yonse yaufumu inabisika kuseri kwa chipanda cha ku Mwatiiwala. Pochitsitsa, ndevu zinali ndi thovu, pamphuno pali thukuta.

"Ndavomera, ichi n'chiyani?"

"Ndi mowa womaliza, mfumu. Wolephera."

"Walephera zedi?"

"Kotheratu, wawa."

"Mayi, thiraninso, ndione bwino pamene walephera."

Inaona kachiwiri, inaona kachitatu. Kenaka inalamula oweruza kuti alawe, kuti akalembe kulepherako mwatsatanetsatane. Chodabwitsa n'chakuti palibe anadzandira. Mkulu wa mpingo uja anameza, anakhala pansi n'kuyamba kumwetulira yekha. Ndavomera atamaliza chipanda chake, khosi lake linaima chilili koyamba m'zaka makumi awiri.

Koma zolembedwa zinali zolembedwa, ndipo ku Zilibwino inki siilakwa. Ndavomera anawerenga zotsatira. Mfumu inapambana ngati munthu wamba ndipo inalandira Chipanda cha Golide, inasuzumiramo, inapeza mulibe kanthu, inapatsira msilikali. Womaliza anali Nadzimbiri wa ku Mwatiiwala. Gwedeza analavulira m'manja, anakweza munsi. AKanjuchi anavula chipewa. Nadzimbiri anaika dzanja pamimba pa mbiya, pambali yosakwecha ija, n'kunena motsitsa kuti, "Pitani bwino, amayi."

"Iwe!" mfumu inakuwa. "Wapenga? Muli mowa m'menemo!"

Munsi unaima m'malere.

"Lamulo silisintha, pakuti ine sindilakwa," inapitiriza mfumu itakweza chala. "Mbiya iphwanyidwa ndithu. Koma iphwanyidwe ikatha."

"Ikatha!" zinavomera nduna, ndipo zinathamangira kukathandiza boma kukwaniritsa chilango.

Abale, ndaonapo anthu akuzunzika, koma zimene anaona Nadzimbiri masana amenewo zinali zina. Iye yemwe ndiye ankatunga. Chikho chilichonse chimene ankadzaza chinkafupikitsa moyo wa mbiya yake, ndipo kukoma kwa mowa wake ndiko kunkaithamangitsira ku munsi. Akanaphika phala lamadzi lija ananena aKanjuchi, bwenzi mbiya itakhala mwezi osatha. Anamwa nduna, anamwa akazi a nduna atasiya migolo yawo kwa ntchentche, anamwa asilikali, anamwa a malipenga. Dzanja lake linkalowa mpaka m'chigongono, kenaka mpaka paphewa. Gwedeza naye anamwa chikho chimodzi, munsi ataupanira m'khwapa, ndipo anapepesa asanamwe.

Dzuwa litapendeka, chikho chinagunda zolemera za pansi. Nadzimbiri anachitulutsa, anachigwedeza, n'kuvundikira lichero monga ankachitira kwawo sabata iliyonse.

"Basi, apa ndiye polekezera," anatero.

"Yatha!" anafuula Ndavomera. "Gwedeza, munsi!"

"Sinathe, bwana," anatero Nadzimbiri. "Mwatsala nsenga zala ziwiri. Mbiya iyi sinakhalepo yopanda kanthu chiiumbire amayi anga."

"Zinyalala zimenezo! Khuthulani pansi!"

Koma mfumu inali itadzuka kale pampando. Inafika pa mbiya, inachotsa lichero ndi dzanja lake, inawerama n'kulowetsa mutu. Olemba mbiri amati limeneli ndilo tsiku loyamba boma la Zilibwino kusuzumira m'kati mwa chinthu.

"Zimenezi n'zachiyani, mayi?" mawu a mfumu anamveka kuchokera m'mbiya.

"Ndizo make wa mowa, mfumu. Ndikathirapo phala ndi chimera, pakapita masiku asanu mbiya imadzazanso ndi womwe mwamwawu. Zikatayika zimenezo, ndiye kuti watha mpaka kalekale. Ngakhale ine sindingaubwezenso."

Mfumu inatulutsa mutu. Inawerenga zala, kuyambira Lachiwiri, ndipo chala chachisanu chinagwera pa Loweruka. Kenaka inatembenukira kwa Nduna Yaikulu.

"Ndavomera, lamulo lati chiyani?"

"Lati ikatha, wawa."

"Nanga yatha?"

Ndavomera anafufuza yankho pamene ankalipeza masiku onse, pankhope pa mfumu. Anaona lilime lachifumu likunyambita thovu louma pa ndevu. Khosi lake linafewanso pomwepo.

"Sinathe, mfumu. Ndipo mmene ndikuionera, ilibe maganizo otha."

Lamulo lachitatu linatuluka anthu asanabalalike. Mbiya ya ku Mwatiiwala ndi yolakwa, ndipo chilango chake chili chiimire. Ibwerere kwawo ili m'manja mwa boma. Gwedeza akakhale pambali pake ndi munsi, tsiku limene idzapezeke yopanda kanthu adzagwetse osafunsa. Ndipo poti nkhaniyi ndi yaikulu, mfumu yokha izipita Loweruka lililonse kukaona ngati nthawi ya chilango yakwana.

Ngolo inabwerera ku Mwatiiwala mbiya ili yathunthu. Podutsa pa msika wa Tingoona, wometa uja anatuluka n'kufunsa kuti zayenda bwanji.

"Taluza," anayankha aKanjuchi chifuwa chili patsogolo. "Taluza bwino kwambiri."

Papita zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Mlatho umene anthu a ku Mwatiiwala anaupempha kwa Sindilakwa Woyamba unamangidwa m'masabata atatu, chifukwa ngolo ya mfumu singanyamulidwe paphewa ngati njinga. Nyumba za m'mudzimo anazipaka laimu, kutsogolo kokha. Mpikisano sunachitikenso, ati dziko linapambana mokwanira. Gwedeza ananenepa, anakwatira m'mudzi momwemo, ndipo munsi wa boma uja, poti unkangokhala, ndi umene amasinjira chimera. Kansalu kofiira kakadali pomwepo. Loweruka lililonse mfumu imafika ndi nkhope yaukali, imalandira chipanda Nadzimbiri atayamba wamwa, imafufuza mlanduwo mpaka dzuwa kupendeka, kenaka imasuzumira m'mbiya n'kulengeza mokhumudwa kuti sinathe.

Ine ndinapitako chaka chatha, pa nkhani za ntchito. Alendo atachoka ndinamuona Nadzimbiri akulowetsa dzanja m'mbiya kuyeza nsenga, ndipo ndinaona kuti chikhatho chatuluka chonyowa kwambiri.

"Mayi, paja amayi anu ankati zala ziwiri?" ndinafunsa.

Anayang'ana munsi uli chotsamira khoma, anayang'ana fumbi la ngolo ya mfumu kumsewu, n'kuvundikira lichero bwinobwino.

"Amayi ankasiya ziwiri chifukwa ankaopa mizimu yokha," anatero. "Ine ndimasiya zinayi. Boma silidziwika."